Ankhoswe Pamzere wa Ophika

Pulogalamu ya ukwati wa mchemwali wanga ndinataipa ndine. Kuti mayina afole bwino kumanja, ndinkangogogoda batani la mpata mpaka aoneke owongoka. Kuika tebulo la mizere pakompyuta sindinkadziwa, koma ndikanafunsa bwanji, kwathu akunditcha katswiri?

Titakapulinta ku Mpamba, m'shopu ya NyaChirwa, mizere inasokonekera. Dzina la Ada Mphande, ankhoswe athu, linagwera pamzere wa ophika.

"Walakwitsa ndani?" anafunsa Ada Mphande.

"Kompyuta ya NyaChirwa ili ndi vairasi," ndinatero.

Anapita kukamukalipira NyaChirwa pamaso pa makasitomala. Mawa lake NyaChirwa anandiitana, nkundiphunzitsa kuika tebulo modekha. Za vairasi sanatchule nkomwe. Mpaka lero ndikafika pa Mpamba ndimadzera kuseri kwa msika, kuzemba shopu yake.