Kachidutswa ka Nyama ya Mvuu

Lachiwiri lina mu Okutobala wa 1992 ndinadzuka kukhosi kukuwawa, malovu osamezeka. Ndinkaphunzitsa ku Kakumbi, amuna anga ali wophika pa loji ina ku Chinzombo. Pofika Lachitatu khosi linatupa, thupi linatentha, ndipo ndinayamba kusanza.

Chinayambitsa ndinkachidziwa. Lamlungu tinali kwa alamu anga, akulu awo a amuna anga, ndipo anatulutsa nyama yofutsa. Mvuu zinkafa zokha m'Luangwa chilimwe chimenecho, anthu n'kumazisenda mobisa kuopa agemu, alonda a nyama zakutchire. Ine sindinaifune. Koma mkamwana wochokera ku Katete akakana chakudya cha kuchimuna, amati ndi matama a uphunzitsi. Choncho ndinatenga kachidutswa n'kumemena.

Kwathu kumemena ndi kadyedwe ka khoswe pa chisononkho, kapena ka mwana pa phata la mango: mano akutsogolo okha, pang'onopang'ono. Mlendo wamanyazi amamemena kuti mwini nyumba asakhumudwe. Palibe amene amakuyesa kudya kwenikweni. Inenso ndinkaganiza kuti kuchepa kwa nyamayo kundipulumutsa, mphunzitsi wathunthu ine.

Lachinayi amuna anga anandikweza pa njinga. M'njira anandipempha kuti ndisatchule mvuu. Anati nkhani ikafika kwa agemu, alamu amangidwa ndipo iwo ntchito ya ku loji itha. Tinafika ku kiliniki m'mawa, tinakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka. Anasi atandiyeza anafunsa ngati ndadya nyama yofa yokha. Ndinati ayi. Anandipatsa mankhwala a malungo, tinabwerera.

Mkwiyo umene ndili nawo mpaka lero ndi wa masiku awiri otsatirawo. Ndinkatsegula m'mimba magazi. Achibale ankabwera, kundiyang'ana, n'kumakambirana panja za agemu. Alamu anabweretsa mizu yoti ndimwe. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati, mkaziyu akufa, tiyeni tikanene zoona.

Loweruka sindinathenso kukhala pa njinga, ananditengera ku kiliniki pa ngolo. Anasi aja anandiyang'ana khosi nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, ine sindine wa gemu," anatero. "Ndikufunsaninso kamodzi. Munadya?"

Amuna anga anali chiimire pakhomo. Ndinati, "Ndinangomemena."

"Antrakisi, matenda akupha mvuuwa, sayeza kukula kwa nthuli. Mwataya ma days awiri."

Anandibaya jakisoni pomwepo, n'kunditumiza ku chipatala chachikulu. Ndinagona kumeneko milungu iwiri, diripi ili pamkono, jakisoni wa penisilini kanayi pa tsiku. Matako anauma ngati thabwa. Tsiku lachisanu ndinameza phala koyamba. Adokotala anati ndikanachedwa tsiku lina limodzi, akanandilembera kalata ina, ya imfa.

A zaumoyo anapita kumudzi n'kutentha nyama yonse yotsala. Palibe anamangidwa, ndipo amuna anga ntchito sinathe. Zonse zimene ndinatsala pang'ono kufera sizinachitike.

Pano ndili bwino, ndikuphunzitsa, ngakhale mawu amandithera msanga m'kalasi. Kwa inu amene mukuwerenga ndikuti: nyama yofa yokha musaikhudze, ngakhale akupatseni apongozi. Mukadwala pitani msanga, ndipo anasi akafunsa, yankhani zoona tsiku loyamba lomwelo, kaya pakhomo paima ndani.

Amuna anga anapepesa, ndinawamva. Alamu sanapepese. Amati ndinayalutsa banja, ndipo mpaka lero sayankha moni wanga. Tikakumana pa msika ndimawapatsabe, mokweza, kuti aone kuti ndili moyo.