Anandiuza nditsuke makobidi, lero akuti ndinawawononga

Sitolo ina yogula makobidi akale ku Falls Church, chakufupi ndi Seven Corners, yandipweteka. Dzina sinditchula. Amene mumadutsako mukuidziwa.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Manassas. Agogo ena aamuna achizungu ndinawasamalira zaka zisanu ndi chimodzi. Asanamwalire anandipatsa chitini cha khofi chodzaza mafaifi senti akale, aja okhala ndi njati kumbuyo. Mwana wawo wamkazi anali pomwepo, anavomera. Agogowo anati, "Esnati, izi si zogulira buledi. Upite nazo kwa odziwa."

Mtima wanga unali pa tikiti ya ndege yopita kumudzi. Maliro a mayi anga ndinaonera pa foni. Ndinkati mwina pomanga chiliza mu Ogasiti ndikakhalepo ndekha.

Lachiwiri, 10:15 m'mawa, ndinaimbira sitoloyo. Anayankha mayi wina. Ndinafotokoza kuti makobidiwa ndi akuda bii, ndibwere nawo choncho? Akuti ayi, akhale oyera kuti zaka zizioneka. Ndinafunsanso: ndiwatsuke? Akuti eya eya, ali ndi kasitomala. Foni n'kudula.

Ndiye mukudziwa mmene ife tinaphunzirira kukwecha mapoto. Viniga, soda, waya wotsukira mbale. Makobidi 212, limodzilimodzi, masiku awiri ndikaweruka. Zala zinachita kutupa. Koma anawala, ndinachita kuwajambula.

Lachisanu ndinasiya shifiti ya maola asanu ndi atatu. Ndinafika 1:40 masana. Anandilipiritsa madola 25 oti angowaona basi. Ndinadikira mphindi 50.

Mwini sitolo atabwera anaika kagalasi pa diso, n'kutola khobidi limodzi. Anagwira mutu. Anafunsa kuti wachita zimenezi ndani.

Apa m'pamene anayamba kundiphunzitsa. Akuti mtengo wa khobidi lakale uli pa chaka, pa kachilembo kosonyeza fakitale imene linapangidwira, pa kusowa kwake, ndi poti silinaperepeseke. Akuti kuda kuja ogula amakufuna, chifukwa kumasonyeza kuti palibe analigwiragwira. Waya wanga wasiya timizere paliponse. Anapatula limodzi la 1926, lokhala ndi ka S pansi pa njati, nyanga ikuonekabe. Akuti otere ndi osowa. Likanakhala losatsuka akanandipatsa madola 400. Pano 70. Chitini chonse, 130.

Maphunziro onsewa anali kuti Lachiwiri?

Ndinaloza mayi wa foni uja, anali pakauntala pomwepo. Akuti sakukumbuka, amalandira mafoni ambiri. Kenako akuti mwina sindinamve bwino Chingerezi. Ine? Zaka khumi ndi ziwiri ndikuwerenga malangizo a mankhwala a makolo awo m'Chingerezi chomwecho, palibe anafera m'manja mwanga chifukwa chosamva. Pa makobidi m'pamene makutu anga afa?

Ndinawaonetsa foni yanga: 10:15, mphindi imodzi ndi masekondi khumi ndi awiri. Mwini sitolo akuti iwo sajambula mawu, ndiponso pa webusaiti yawo analemba kuti makobidi satsuka. Nanga wantchito wawo anawerengako webusaitiyo? Ndinati andibwezere 25 yanga. Akuti ntchito yoona aigwira kale. Pepani n'komwe sanatchule.

Sindinagulitse. Ndinanyamula chitini changa, ndinakakhala m'galimoto osalizanso injini. Kenako ndinaimbira achemwali anga kumudzi.

"Achemwali, muwauze amalume za Ogasiti zija apitirize. Asandidikire."

Iwo anati, "Chabwino, ase. Tidzakujambulira."

Ndikadandaule kuti? Umboni ndilibe. Ndipo olo atapepesa mawa, timizere tija sitidzachoka.

A sitolo, funso langa ndi limodzi: munthu wosadziwa makobidi mumamupatsiranji foni? Ndi angati ena mwawauza zomwezi?

Inu anzanga osamalira okalamba, wina akadzakupatsani makobidi akale, musawatsuke. Olo ndi madzi, olo kupukuta ndi nsalu. Apiteni nawo akuda choncho, ndipo muonetse malo awiri musanagulitse. Ine uthenga umenewu unandipeza nditamaliza kale kukwecha la 212.