Mwendo Wanga ndi Saireni ya ku Mindolo

Fungo la bandeji yochapidwa ndi sopo likandifika m'mphuno, ndimabwerera ku Mindolo, dzinja loyamba dziko litalandira ufulu. Ndinabadwa ndi mwendo wamanzere waukulu kuposa unzake, wamitsempha yotupa ndi banga lofiirira mpaka m'ntchafu. Anzanga ankautcha mtondo, ndipo nthawi zina ndinkawapondera dala kuti amve kulemera kwake.

Chaka chimenecho anandichita opaleshoni kuchipatala cha mgodi. Potuluka, nesi anawauza amayi kuti magazi a m'mwendo wotere akangokhala phee amaundana, ndipo oundanawo akathothoka n'kukafika m'mapapo, mwana amapita. Anati ndizimanga bandeji ndi kuyenda, koma wina asandithowe kapena kundisisita.

Komatu kwathu wodwala amagona, abale n'kumamuthowa. Azakhali, alongo awo a bambo, anabwera kuchokera ku Ndola atanyamula kansalu, n'kuitanitsa madzi otentha. Amayi anagwada pakhomo.

"Alamu, pepani, mwendo uwu musaugwire."

Azakhali anakwera basi tsiku lomwelo osalawa ngakhale tiyi, ndipo bambo anakhala sabata yathunthu akulankhula ndi wailesi yokha.

Wotchi tinalibe, choncho amayi ankatsata saireni ya kumgodi. Ikangolira, ankandidzutsa pamkeka, kundimanga kuyambira kuzala mpaka m'ntchafu, n'kundiyendetsa mpaka pampopi ndi kubwerera. Matope ofiira ankandikakamira kumapazi, bala likuwawa ngati alithira tsabola. Azimayi a pampopi ankanong'onezana m'Chibemba kuti mayi uyu ndi wouma mtima, ine n'kumavomereza chamumtima. Ndinadana nawo amayi, sindibisa.

Tsiku lina kukuwaza mvula ndinakhala pansi pakati pa msewu, n'kuwafunsa ngati ankafuna kuti ndife. Anandiyang'ana, madzi akutsika pa duku.

"Ndikufuna udzandiike m'manda ndiwe. Dzuka."

Ndinadzuka chifukwa cha mantha basi. Mvula itatha ndinkapita ndekha kusukulu, ndipo pa Isitala azakhali anabweranso atandigulira bandeji ziwiri zatsopano.

Pamsewu paja ndinamva ngati amayi andikalipira. Ndinadzawamvetsa ndili ndi imvi kale, ana anga atandigwira m'manja, tsiku limene ndinakana kukwera lole, n'kuyenda pambuyo pa bokosi la maliro a amayi kuchokera kutchalitchi mpaka kumanda, bandeji ili kumwendo.