Tsiku limene ndinakana kupha njuchi za pa nsanja ya ku Kasinje

Ntchito yokonza nsanja za mafoni ndinaipeza chifukwa ndine mkazi, ndipo sindibisa. Nditamaliza maphunziro a zamagetsi ndinakhala ku Manjawira m'shopu ya malume anga, kutchaja mafoni a anthu ndi kuwotcherera mawaya a nyali za sola. Tsiku lina mayi wina wa kwaya yathu anandiuza kuti kampani imene amuna awo ankayendetsako galimoto ikufuna atsikana odziwa magetsi. Kampaniyo inkasamalira nsanja za m'boma la Ntcheu, koma mabatire, masola ndi makina onse zinkachokera ku kampani ina yakunja, ndipo akunjawo ndi amene analamula kuti m'gulu lililonse mukhale mkazi. Ndinadziwa kuti akundilemba kuti ndizioneka pa zithunzi. Sindinadandaule, ndinangoti bola andipatse sipanala.

Tisanayambe ntchito anatitengera ku Lilongwe kukaphunzira. Kupatula za lamba wokwerera pamwamba ndi za moto, kunabwera mayi wina woimira kampani yakunja ija kudzatiuza za chilengedwe. Anati zipangizo zawo zisamawononge zamoyo pamalo pamene zaikidwa. Udzu wa mkati mwa mpanda uzitchetchedwa, osathiridwa mankhwala. Chisa cha mbalame chokhala ndi mazira chisaphwasulidwe. Batire lakufa lizibwezedwa, osaliswa kuti utengemo mtovu. Njuchi zikalowa m'makina, aziitana mlimi wa njuchi kuti azisamutse. Anzanga ankawodzera, ena akufunsana kuti chakudya chibwera nthawi yanji. Ine ndinamvetsera, chifukwa bambo anga amalima maungu ndi mpendadzuwa, ndipo chaka chimene njuchi zinachepa kwathu tinaona ndi maso maluwa akuyoyoka opanda chipatso.

Mkulu wa gulu lathu anali a Ngozo, bambo odziwa ntchito, osalankhulalankhula. Anandiphunzitsa kuyeza batire lililonse palokha ndi kachipangizo koyezera magetsi kotchedwa malitimita, kumanga mitu ya mabatire mosapyola muyeso, kutsuka masola m'mawa galasi lisanatenthe, ndi kusintha fyuzi utayamba wazimitsa. Poti ndinali wamng'ono pagulu, ine ndinkanyamula chikwama cha zida ndi makiyi a maloko onse. Za chilengedwe zija a Ngozo ankati ndi nkhani ya m'kalasi. Pa nsanja, ankatero, lamulo ndi limodzi: netiweki ibwerere foni ya ku likulu isanalire kachiwiri.

Tsiku lovuta linafika m'nyengo yotentha, mvula isanagwe. Nsanja ina ya cha ku Kasinje inazima m'mawa, ndipo tinafikako dzuwa litakwera, ine, a Ngozo ndi dalaivala. Makina a nsanja amakhala pansi, m'kabati yachitsulo yotalika ngati munthu, yokhala ndi timabowo tolowera mphepo ndi fani yoziziritsa. Tisanaifike n'komwe tinamva kulira. Njuchi zinkalowa ndi kutuluka pa timabowo tija ngati pamsika. Mlonda wa pansanjapo anati zakhalamo nthawi ndithu, koma ankaopa kunena. Zinali zitamanga malesa mpaka kutseka fani, mkatimo munatentha, makina n'kudzizimitsa okha.

A Ngozo anapita kugalimoto n'kubwera ndi zitini ziwiri za mankhwala opopera tizilombo. Anati titseke timabowo ndi nsanza, tipopere mkati, tidikire pang'ono, titsegule, tisese. Anatambasula dzanja kuti ndiwapatse makiyi.

Ndinawakumbutsa zimene tinauzidwa ku Lilongwe, kuti njuchi zimasamutsidwa. Anaseka pang'ono, kenako anaona kuti ine sindikuseka.

"Iwe Tadala, mayi ako a ku Lilongwe aja ali pano? Bweretsa makiyi."

"Bwana, sindikupatsani. Lamuloli si langa, ndi la eniake makinawa. Ngati linali lonama akanatiuza."

Sindinayambe ndawayankhapo chotero munthu wamkulu. Dzanja langa linali m'thumba la ovolosi litafumbata makiyi. A Ngozo anati akhoza kuthyola loko. Ndinati athyole, koma adzafotokoze okha ku ofesi chimene anathyolera loko wa kampani makiyi alipo. Anatenga hamala, anaima nayo m'manja, kenako anaiponya pansi.

Pamenepo anthu anali atayamba kusonkhana kumpanda. Mnyamata wotumiza ndalama pafoni ankadandaula kuti makasitomala akubwerera. Koma amene anandilasa mtima anali bambo wina wovala jekete yong'ambika paphewa. Anati akazi awo anatengedwa dzulo lake kupita kuchipatala cha ku Boma, mimba itavuta, ndipo kuyambira m'mawa sakudziwa ngati ali moyo. A Ngozo anangondiloza n'kuwauza kuti afunse ine.

Bamboyo anandiyang'ana. "Mayi, ndiye kuti njuchi zaposa mkazi wanga?"

Ndinawauza kuti sizinapose, koma kuti pamtunda pa msewu pamagwira netiweki ya nsanja ina, ndipo ndiwaperekeza akaimbe pa foni yanga. Mlonda anali atandiuza kuti kutsidya kwa dambo kuli aNaphiri, mayi wosunga njuchi, ndipo njira yake inali yomweyo. A Ngozo anakaniza galimoto, anati mafuta a kampani si osakira uchi. Tinakwera makabaza awiri, makiyi ali m'thumba mwanga.

Pamtunda paja foni inagwira. Bamboyo anaimbira mlamu wawo, anamvetsera, kenako anakhala pansi pafumbi. Akazi awo anali atachitidwa opaleshoni, anali moyo, mwana nayenso. Sanandithokoze, ndipo sindinayembekezere. Anandibwezera foni n'kunena kuti akanamva mbiri ina sakanandikhululukira. Ndinawauza kuti ndamva.

ANaphiri ndinawapeza akupalira tomato. Anali mayi wa msinkhu wapakati, wachangu, wosakonda mawu ambiri. Anafunsa ngati njuchizo zapoperedwa kale. Nditati ayi, anasamba m'manja, anatenga chipewa cha neti, chofukizira utsi, mpeni, luzi ndi mng'oma wopanda kanthu, tinamangirira zonse pa kabaza. Anandichenjeza kuti dzuwa likadali pamutu sangatsegule, chifukwa njuchi zimalusa ndipo zambiri zimakhala zili kumaluwa. Tidikire lipendeke.

Kudikira kumeneko ndiko kunali kowawa. A Ngozo ankakwera mtunda kukayankha mafoni a ku likulu, n'kubwerera nkhope itada. Sanandilankhulenso. Anthu akumpanda ankanditchula mayina, wina anati akazi akalowa ntchito ya amuna zimatha chonchi. Ndinakhala pamthunzi wa masola n'kumayeretsa mitu ya mawaya imene inali yoyera kale.

Dzuwa litapendeka aNaphiri anayatsa zitsononkho za chimanga m'chofukizira chija. Ine ndinazimitsa buleka yaikulu yodulira magetsi, ndinamasula waya wa mabatire kuopa kuti mpeni ungakhudze moto, ndinamanga miyendo ya ovolosi ndi luzi, n'kutsegula loko. Anafukiza pang'onopang'ono, osati kutsamwitsa. Ankadula lesa limodzilimodzi, kulimangirira ku kathabwa ka mng'oma, ine n'kumalandira. Njuchi zinandiluma pakhosi ndi pachikope, diso linatupa mpaka kutsekeka. Atapeza mfumukazi ya njuchizo pa lesa lamkati anaiika mumng'oma mosamala, ndipo zinzake zinayamba kutsatira zokha, mzere wakuda kutsika pachitseko. Anthu aja anasiya kunyoza n'kumangoonerera.

Kenako inali ntchito yanga. Ndinapala phula pa mapiko a fani, ndinapukuta uchi umene unadonthera pa mawaya, ndinasintha fyuzi imene inapsa. Pa timabowo ndinamangapo sefa wa pawindo amene aNaphiri anadula ku chipewa chawo chakale. A Ngozo anabwera, anayeza mabatire okha, anabwezera waya, anayatsa. Fani inazungulira. Mafoni a anthu kumpanda anayamba kulira onse pamodzi, kusanade.

Sabata yotsatira anandiitana ku ofesi ya ku Boma. Bwana wamkulu anati nsanja inakhala yozima tsiku lathunthu chifukwa cha ine, ndiponso ndinanyoza wondiyang'anira pamaso pa anthu. Ndinavomera kuti zonse ziwiri ndinachita. Ndinafunsa ngati lamulo la njuchi lija linafafanizidwa. Anati lilipo, koma munthu amayenera kuganiza. Kontirakiti yanga inathera pomwepo. A Ngozo anali m'chipindamo, akuyang'ana pawindo.

Ndinabwerera ku shopu ya malume. Patapita miyezi, dalaivala uja anandiuza kuti alendo a kampani yakunja akubwera ku nsanja ya ku Kasinje, chifukwa anamva kuti kumeneko njuchi zinapulumutsidwa. Mng'oma uja aNaphiri anali ataupachika mumtengo wa mthethe pafupi ndi mpanda, ndipo kampani inali itaupaka penti ya mtundu wawo.

Palibe anandiitana, koma ndinapita. Ndinapeza tenti, mipando, ana a sukulu atavala malaya a kampani, ndi bwana wamkulu uja akufotokoza mmene gulu lake limalemekezera chilengedwe. Atafunsa ngati pali funso, ndinaimirira.

"Ine ndi amene ndinakana kupereka makiyi tsiku limenelo," ndinatero. "Munandichotsa ntchito. Ndikufuna alendowa adziwe, kuti akamajambula mng'omawo ajambule akudziwa."

Womasulira wa alendowo anazengereza, koma aNaphiri, amene analinso pomwepo, anamuuza kuti amasulire zonse mmene zanenedwera. Alendo analemba m'mafoni mwawo, anagwedeza mitu, mmodzi anandigwira chanza n'kunena kuti aifufuza nkhaniyi. Mtsikana wa kampani anandithamangira ndi malaya aja kuti ndivale tijambulitse limodzi. Ndinamuuza kuti apatse wina.

Ntchito sanandibwezere, ndipo za kufufuza zija sindinamvenso. Chimene ndikudziwa n'chakuti makabati a nsanja za kuno tsopano ali ndi sefa pa timabowo. Sindikudziwa amene analamula.

Lero ndimaika masola m'nyumba za anthu, m'matchalitchi ndi m'zigayo, kuyambira ku Manjawira mpaka kumapiri. Chimene ndinatengako ku ntchito yoyamba ija n'chakuti makampani amalemba malamulo abwino ali kutali, koma lamulo limakhala lamoyo kapena lakufa m'manja mwa munthu amene waima pamalopo, nthawi zambiri wamng'ono kuposa onse, ndipo amene amalipira ndi iyeyo. Atsikana awiri amene ndikuwaphunzitsa ntchito ndimawauza zimenezi poyera, kuti asadzati sindinawachenjeze. Mwezi wathawu mwini chigayo wina anafuna kuti tigwetse chisa cha anamzeze pakhoma pamene pankayenera kudutsa paipi ya mawaya, muli tiana. Ndisanatsegule pakamwa, mmodzi wa atsikanawo anali atayeza kale njira ina, yokhota. Mwini chigayo anati paipi yokhota ndi yonyansa, ndipo akhoza kuitana amisiri ena. Mtsikanayo anamuuza kuti awaitane, n'kupitiriza kuboola khoma.