Mayi Amene Ndinawakaniza Kupita ku Blantyre

Nthawi imene ndinali kapitawo pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, m'gulu langa munali mayi wina wamasiye wa ku Chimaliro. Pa kutchola tiyi panalibe wowaposa, mpaka chaka china mvula itangoyamba. Anzawo akamapita kusikelo, dengu la mayiwo linkakhala lisanafike n'theka lomwe. Ankaima pakati pa mizere atagwira m'chiuno, thukuta lili kamukamu, nkhama zikutuluka magazi.

Ine ndinkati ndi ulesi. Nthawi ya mvula masamba sadikira munthu, ndipo manijala ankandikalipira tsiku ndi tsiku.

Lolemba lina mayiwo anabwera ndi pepala la kuchipatala, atalimanga pakona ya chitenje.

"A kapitawo, akuti ndipite ku Blantyre akandiyezenso magazi. Ndimati ndipemphe masiku awiri."

Ndinalitambasula gulu lonse likuona. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo ndinkakonda kuti anthu azidziwa kuti Chingerezi ndimachimva. Pa mzere wa maselo oyera a magazi, adokotala anazunguliza nambala ndi bolopeni yofiira, pambali n'kulemba kuti yakwera kwambiri. Ndinakumbukira za pa wailesi, zoti maselo amenewa ndiwo asilikali a m'thupi.

"Tamvani anthuni!" ndinakuwa. "Ena akulira kuti asilikali awathera m'thupi. Mayi awa asilikali awachulukira, koma akufuna holide ku Blantyre!"

Gulu lonse linafa nacho chiseko. Mayiwo anangondiyang'ana.

"Ndiye kuti ndili bwino, a kapitawo?"

Ankafunsa kuchokera pansi pa mtima, chifukwa kuwerenga sankadziwa.

"Muli ndi mphamvu kuposa ng'ombe. Nyamulani dengu."

Anatcholanso milungu itatu. Akamadutsa, anzawo ankawamenyera sawatcha, ine osawaletsa. Tsiku lina masana anagwa chafufumimba pafupi ndi sikelo, masamba n'kumwazika m'matope. Tinawakweza pa thirakitala kupita nawo kukiliniki ya pa esiteti.

Namwino wa pamenepo, mayi wachikulire wa kumpoto, anapeza pepala lija pachitenje. Analiwerenga, kenako anayang'ana deti.

"Bwanji sanapite ku Blantyre?"

"Ndimayesa asilikali akachuluka ndiye kuti munthu ali bwino," ndinayankha.

"Bambo, maselo amenewa amachuluka thupi likamalimbana ndi matenda. Nthawi zina ndi matenda apafupi, mankhwala amathetsa. Koma akafika apa, magazi n'kumatulukanso m'nkhama, timaopa khansa ya m'magazi. Maselowo amabadwa ambirimbiri koma osakhwima, osagwira ntchito, n'kumapanikiza magazi abwino. N'chifukwa chake adokotala ankafuna akawayezenso msanga. Anakuuzani ndani kuti muziwerenga mapepala a odwala?"



Ku Blantyre mayiwo anapita mawa lake, ali chigonere. Madokotala anakapezadi khansayo, ndipo mayiwo sanathe mwezi. Sindidziwa ngati milungu itatu ija ikanawapulumutsa. Ndinafunsapo namwino uja, iye anangoti, "Inenso sindidziwa," n'kupitiriza kulemba zake.

Lole ya esiteti yonyamula bokosi ndinakaipempha ndine. Kumanda ku Chimaliro, mchimwene wa malemuyo anaimirira kuthokoza onse amene anathandiza. Atafika pa ine anawomba m'manja mwaulemu.

"Makamaka a kapitawo awa. Mlongo wathu ankati anamuwerengera pepala n'kumulimbitsa mtima kuti ali bwino. Mabwana otere ndi osowa."

Otchola tiyi a m'gulu langa anali pomwepo, chapafupi ndi mitengo ya bulugamu. Palibe anatsutsa. M'mawa mwake onse analawirira kumunda, ine ndikuitana mayina.