Torika ndi zikopa za madzi a kokonati

Torika Waqa anapsa nkhope ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, sitovu ya palafini itamuphulikira. Kuyambira pamenepo m'mudzi mwathu, kufupi ndi tauni ya Savusavu, tinkamutchula kuti Nkhanu Yowotcha. Nanenso ndinkamutchula choncho. Sanakwatiwe. Ntchito yake inali kuswa kokonati ndi kuyanika zam'kati mwake, madzi n'kumangotayikira pansi.

Chaka china kunabwera mphunzitsi wa ku yunivesite atanyamula botolo la madzi onunkha ngati viniga. Anati m'menemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo ukatithira m'madzi a kokonati otsekemera timaluka chinthu choterera pamwamba, chokhuthala ngati lilime la ng'ombe. Ukachitsuka, n'kuchipanikiza pamodzi ndi luzi la nthochi, n'kuchiyanika, chimasanduka ngati chikopa. Amayi makumi awiri tinayesa. Zathu zinachita chuku. Za Torika yekha zinatheka.

Iye ankadziwa ndi mphuno chabe kuti beseni ili likufuna shuga, ili lazizidwa. Zikopazo ankazipaka phula la njuchi kuti zisamwe madzi, ife n'kumasoka zikwama, malamba ndi zikuto za mabuku. Viniga anamudya zala mpaka zikhadabo kusweka. Madzi oyambitsira aja, amene tinkawatcha mbewu, ankawasunga kunyumba kwake n'kumawachulukitsa yekha.

Patatha zaka zinayi, mayi wina wa sitolo ku Brisbane, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, analemba kuti akubwera kudzaona gulu lathu ndi kujambula. A Unaisi, akazi a abusa, amene analinso wapampando, anamuitana Torika pamaso pa tonse.

"Achemwali, Lachinayi mudzapume kunyumba."

"Sindikudwala ine, mayi."

"Tikudziwa. Koma mlendoyu akufuna zithunzi zoti anthu akaona azigula. Nkhope yanuyo angamayese kuti ndi mankhwala athuwa anakuchitani zimenezo."

Vasiti, mlamu wake weniweni wa Torika, anathirirapo: "Kapena tingomuphimba ndi chikopa chimodzi, n'chosalala kuposa chake chobadwa nacho." Tinaseka. Torika anapitiriza kufinya luzi.

Lachinayi lake amene anajambulidwa anali a Unaisi, atanyamula chikopa, akufotokoza mmene anavutikira kuti luso limeneli alipeze. Mlendo anaitanitsa zikwama mazana atatu. Sabata yotsatira gulu linagwirizana kuti mbewu si ya munthu mmodzi, izikhala kwa wapampando, ndipo Torika abwerere kokaswa kokonati, poti tsopano aliyense wadziwa ntchito.

Anabweretsa mabotolo onse asanu ndi limodzi, opukutidwa bwino, n'kuwapereka ndi manja awiri. Tinathira m'mabeseni makumi anayi n'kuvundikira nsalu. Masabata atatu anatha pamwamba popanda kanthu, madzi okhaokha. Kenako ntchentche, kenako chuku. Wa ku Brisbane anadikira miyezi iwiri, n'kupita kwa anthu ena ku Samoa.

Gulu linatuma ine kuti ndikamunyengerere Torika, poti tinaphunzira kalasi imodzi. Ndinamupeza pakhonde akusenda chinangwa.

"Torika, mbewu ija yatani?"

"Ndinaiwiritsa."

"Yonse? Sunasiyeko ngakhale pang'ono?"

"Yonse. Ndinadikira izizire kuti musapse nayo manja."

Ndinamuuza kuti Vasiti wamusiyitsa mwana wake sekondale ku Labasa posowa ndalama, ndiponso kuti Litia, wamasiye wa ana anayi, wagulitsa makina ake osokera. Sanasiye kusenda.

"Litiayo tsiku lija anaseka mpaka kukhala pansi," anatero. "Tandipatsira mpeni uwo, uwu wabuntha."

Ndinamupatsira.

Anakhala zaka zina khumi ndi chimodzi akuswa kokonati, osalonjera aliyense wa ife, ifenso osamulonjera. M'shedi imene tinkagwiriramo ntchito pano amasungiramo simenti ya tchalitchi. Atamwalira ndi matenda a shuga, a Unaisi ndi amene anatsogolera nyimbo pamaliro, ndipo anayimba bwino kwambiri.