Pamene Mwala Umapumira

Tsiku loyamba limene a Lasten Kachingwe anakumana ndi a Crispin, m'nyengo yachisanu ya 2002, nkhalamba yachizunguyo inawagenda ndi supuni. A Lasten anali wosamalira wachinayi kutumizidwa kunyumbako m'miyezi iwiri. A Lasten anatola supuniyo, naipukuta, nati, "Dzanja likadali ndi mphamvu, bwana. Tiyeni tidye." A Crispin anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anayasamula kukamwa.

A Lasten anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe. Bambo awo, a Felton, anachoka ku Dedza wapansi ali mnyamata kukafuna ntchito, ndipo sanabwererenso. Mafamu atasokonekera, a Lasten anafika ku London imvi zitayamba kale, napeza kachipinda ku Woolwich ndi akazi awo, a Sekai. M'mawa uliwonse ankakwera basi kupita ku Blackheath kukasambitsa ndi kudyetsa munthu wolemerayo.

Nyumba ya a Crispin inali ngati nkhokwe. Kwa zaka makumi anayi anayenda maiko kugula zithunzi ndi ziboliboli, ndipo popeza analibe mwana, analemba kuti akadzamwalira zonsezo zidzapite ku myuziyamu, nyumba yosungiramo zinthu zakale, anthu azikaona.

Tsiku lina a Lasten akukankha a Crispin pa njinga ya odwala, analowa m'chipinda chimene anali asanalowemo. M'khoma munali mphako, ndipo m'mphakomo munakhala mwala wobiriwira: mayi atasenza mtolo wa fodya, khosi litapendekeka pang'ono. Khosilo a Lasten ankalidziwa. Linali la mayi awo. Pakapepala kapansi panalembedwa kuti, "Wosema sadziwika. 1968."

Miyezi isanu ndi umodzi sananene kanthu. Ankaopa kuti adzaoneka ngati wantchito wosirira chuma cha bwana, ntchito n'kuwathera.

"A ku myuziyamu akubwera Lachinayi kudzalemba zonse," anauza akazi awo. "Akalemba, basi zatha."

"Ndiye inu mungoyang'ana?" anatero a Sekai, akusita yunifomu. "Bambo anu tinawaika pa famu, manda ake pano alimapo chimanga. Mukufuna afe kawiri?"

"Nanga akandichotsa?"

"Okalamba atha mu London muno? Inu nomwe mwatsala pang'ono kufuna wokusambitsani."

Lachinayi kunabwera mayi wina wa ku myuziyamuko, dzina lake Ivy, atavala magolovesi oyera, ndi amuna awiri onyamula katundu. Atafika pa mwala uja, a Lasten anatsokomola.

"Bwana, amene anasema uyu ndi bambo anga."

"Aliyense ali ndi bambo," anatero a Crispin. "Ndinaugula ku Salisbury, ku Zimbabwe komweko, pamodzi ndi ina makumi awiri. Wogulitsayo sanatchule dzina la munthu."

"Mwalawu munautembenuzapo?"

"Wakhala pamenepo zaka makumi atatu. Ngwolemera kuposa ine."

Apo a Lasten anafotokoza. Bambo awo ankasema Lamulungu akaweruka ku tchalitchi. Akamaliza, ankawamba mwala pamoto wochizira fodya, naupaka phula mpaka kunyezimira. Koma nthawi zonse ankasiya malo amodzi pankhongo, aakulu ngati chala chachikulu, osapala, osapaka. Ankati mwala ukautseka ponseponse umabanika. Pamalopo ankatemapo timizere titatu, ngati mphini za patsaya la akazi awo.

Amuna aja anaukoka mwalawo pang'onopang'ono, nautembenuza. Ivy anawerama ndi katochi kake. Pankhongo panali pokhakhala, potuwa, ndi timizere titatu todzaza fumbi.

"Ndikanalemba kuti pamenepa panagumuka," anatero Ivy motsitsa. "Tikanapakonza."

A Crispin anati, "Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza alendo kuti ndimaudziwa mwalawu. Lasten, dzina lake ndani?"

"Felton Kachingwe."

"Lembani, mayi. Ndipo langa likhale pansi pa lakelo."

Sizinathe tsiku limodzi. Ivy anali munthu wosakhulupirira msanga. Analemba makalata, nafufuza kwa ena osunga ziboliboli, mpaka anapeza miyala ina iwiri ya malo opumira omwewo. A Crispin anamwalira mu 2005, a Lasten atawagwira dzanja lomwe lija la supuni. Chaka chotsatira chipinda chatsopano chinatsekulidwa, ndipo mwalawo anauika pakati, osati pakhoma, kuti anthu aziuzungulira.

A Lasten sanalemere nazo. Anapitiriza kusambitsa okalamba mpaka msana unakana. Ku tchalitchi kwawo ku Peckham anzawo ankawaseka kuti "mwana wa wotchuka", iwo n'kumayankha kuti kutchuka sikulipira ndalama ya basi.

Pofika 2009 maso awo anachita ng'ala. Loweruka lina anavala jekete yawo ya ku tchalitchi, napita okha ku myuziyamu. Anaima patsogolo pa mwalawo, koma zilembo zinali ngati nyerere m'madzi. Pafupi panali mayi wina wachilendo, ndipo anamupempha kuti awawerengere.

"Felton Kachingwe, wobadwira ku Dedza," anawerenga mayiyo. "Mphatso ya Crispin..."

"Pomwepo pakwana. Bwerezani poyambapo."

Mayiyo anabwereza, nafunsa ngati ankamudziwa wosemayo.

"Ankandimenya ndikaseweretsa tchizulo chake chosemera," anatero a Lasten. "Bwerani kuseri kuno, mayi, ndikuonetseni pamene umapumira."